Boma limapereka mamiliyoni, nanga bwanji mng'ono wanga anasowa kothawira?

Funso lochokera kwa mayi wina wokhala kumpoto kwa England: "Mng'ono wanga anabwera kuno mu 2023 pa viza yotsatira mwamuna wake, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ali ndi ana awiri. Mwamunayo wakhala akumumenya, kumulanda ndalama ndi kumubisira pasipoti. Mwezi watha atathawira kwa ine tinaimba foni ku nyumba zitatu zothawirako amayi. Kuwiri anati kwadzaza, ndipo kwinako anati sangamulandire chifukwa cha mapepala ake. Ndinamva kuti boma limapereka mamiliyoni ambiri chaka chilichonse ku nyumba zimenezi. Kodi ndalamazo zimapita kuti, ndipo n'chifukwa chiyani sizinamuthandize?"

Amayi, pepani kwambiri ndi zimene mng'ono wanu wakumana nazo, ndipo munachita bwino kumutsegulira chitseko. Ndiyambe ndi kukutsimikizirani kuti ndalama zimene munamvazo zilipodi, ndiponso kuti sikuti wina anazidya, ngakhale ndikudziwa kuti ambiri a ife tikamva za mamiliyoni a boma amene sanafike kwa wovutika, maganizo athu amathamangira kumeneko. Vuto lagona pa kayendetsedwe kake. Nyumba yothawirako, imene kuno amaitchula kuti refuge, imadalira matumba awiri a ndalama za boma, ndipo matumba awiriwa ali ndi oyang'anira osiyana komanso malamulo osiyana. Thumba loyamba limalipira anthu ogwira ntchito m'nyumbamo, pamene lachiwiri limalipira lendi ya chipinda chimene mayi amagonamo ndi ana ake. Mamiliyoni amene nduna zimalengeza ndi a thumba loyamba. Mng'ono wanu anabwezedwa kuwiri kuja chifukwa thumba loyambalo ndi loperewera, ndipo anabwezedwa kachitatu chifukwa lamulo loona za olowa m'dziko silimulola kutapa m'thumba lachiwiri.

Kuti zimenezi zimveke bwino tiyenera kukumbukira kuti nyumba zothawirako sizinayambitsidwe ndi boma. Mu 1971 Erin Pizzey ndi amayi anzake anatsegula kanyumba ku Chiswick, kumadzulo kwa London, ndipo posakhalitsa amayi omenyedwa ndi amuna awo anayamba kufikako ndi ana kudzapempha pogona. Gulu limenelo ndilo linadzakhala bungwe la Refuge. Mu 1974 magulu ena amene anali atabuka m'mizinda yosiyanasiyana anagwirizana n'kupanga Women's Aid. Kuchokera nthawi imeneyo mpaka lero, nyumba zambiri zimayendetsedwa ndi mabungwe omwe si aboma, ena a iwo aang'ono kwambiri, ndipo boma limabwera ngati wogula ntchito kwa mabungwewo osati ngati mwini nyumba. Chotsatira chake n'chakuti palibe mayi amene lamulo limamulonjeza chipinda m'nyumba yothawirako monga mmene limamulonjezera chithandizo kuchipatala akafika atavulala. Chipinda chikapezeka amalowa, chikasowa amabwezedwa, ndipo palibe amene waphwanya lamulo.

Nthawi imene nyumbazi zinapumako pang'ono inali kuyambira mu 2003, pamene boma linakhazikitsa ndondomeko ya Supporting People ya ndalama zokwana mapaundi 1.8 biliyoni, zothandizira anthu osowa pokhala, okalamba, olumala komanso amayi othawa nkhanza. Ndalamazo zinkaperekedwa ku makhonsolo zili zomangidwa, kutanthauza kuti khonsolo sinkaloledwa kuzigwiritsa ntchito pa china chilichonse. Mu 2009 chingwe chimenecho chinamasulidwa, ndipo chaka chotsatira boma latsopano linayamba kudula kwambiri ndalama zopita ku makhonsolo. Khonsolo imene yapanikizika imayamba yalipira zimene lamulo limaikakamiza, monga kusamalira ana amene ali m'manja mwake, okalamba odwala ndi kuchotsa zinyalala, ndipo nyumba zothawirako sizinali pa mndandanda umenewo. Atolankhani a Bureau of Investigative Journalism atafufuza mu 2017 anapeza kuti ndalama zimene makhonsolo a ku England ankapereka ku nyumbazi zinali zitatsika ndi 24 pa 100 iliyonse kuchokera mu 2010. M'zaka zomwezo kunafala mchitidwe wopikisanitsa mabungwe pa kontrakiti, moti kabungwe ka amayi kamene kagwira ntchitoyi kwa zaka makumi atatu kankapikisana ndi kampani yaikulu ya nyumba imene yalonjeza mtengo wotsika, ndipo nthawi zambiri wotchipayo ndi amene ankapambana. Amene anavulala kwambiri pa mpikisanowu ndi mabungwe oyendetsedwa ndi amayi akuda ndi a ku Asia pothandiza anzawo. Bungwe la Southall Black Sisters linachita kupita kukhoti mu 2008 kukatsutsa khonsolo ya Ealing imene inkafuna kulichotsera ndalama, ndipo linapambana, koma si mabungwe onse amene anali ndi mphamvu zofika kukhoti.

Lamulo limene linabweretsa mamiliyoni amene mwamva ndi Domestic Abuse Act, limene linavomerezedwa pa 29 Epulo 2021. Gawo lachinayi la lamuloli, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala chaka chomwecho, linaika kwa nthawi yoyamba udindo pa makhonsolo akuluakulu a ku England woti aziwerengera kuchuluka kwa anthu ofuna thandizo m'malo otetezeka, azilemba ndondomeko yoonetsa mmene awathandizire, azigula ntchitoyo, ndipo azipereka lipoti ku boma chaka ndi chaka. Boma linapereka mapaundi 125 miliyoni m'chaka choyamba, ndalamazo zinakwera pang'onopang'ono kufika pafupifupi 130 miliyoni, kenaka mapaundi 160 miliyoni m'chaka cha 2025 mpaka 2026. Gawo limeneli ndi la England yokha, chifukwa Scotland, Wales ndi Northern Ireland ali ndi njira zawo. Sindikufuna kulipeputsa lamuloli, pakuti linatsekadi dzenje limene linatseguka mu 2009, ndipo nyumba zina zimene zikanatsekedwa zilipo lero chifukwa cha ilo. Koma pali zinthu zingapo zimene munthu womva chiwerengero pa wailesi sangazidziwe.

Choyamba n'chakuti ndalamazo zinali zochepa kuyambira pachiyambi. Mu 2019 bungwe la Women's Aid linawerengera kuti nyumba zothawirako za ku England zokha zimafunika pafupifupi mapaundi 174 miliyoni pa chaka kuti ziyende bwino, ndipo zimenezo zinali mitengo ya magetsi, gasi ndi chakudya isanakwere monga yachitira m'zaka zapitazi. Kuwonjezera apo, lamulo silinena kuti ndalama zipite ku nyumba zothawirako zokha, koma ku chithandizo cha m'malo otetezeka, ndipo mawu amenewa amaphatikizapo nyumba zobalalika m'mzinda momwe mayi amakhala yekha, komanso ndondomeko yolimbitsa zitseko ndi mawindo kuti mayi akhalebe kwawo. Njira zimenezi ndi zabwino kwa amene zikuwayenera, koma zimagawana mphika womwewo. Ndalamazi sizimangiranso zipinda zatsopano. Zimalipira wogwira ntchito amene amakhala pansi ndi mayi kulemba dongosolo la chitetezo, kumuperekeza kukhoti, kupezera ana sukulu ndi dokotala, kumuthandiza pa mafomu, ndi kumvetsera usiku pamene mantha amubwerera. Popanda anthu amenewa nyumba yothawirako imangokhala hositelo, ndipo mayi wosiyidwa yekha m'hositelo ya mzinda wachilendo kawirikawiri amabwerera kumene anathawa.

Chachiwiri, chimene ine ndimachiona kukhala chilema chachikulu pa kamangidwe konse, n'chakuti ndalama zimagawidwa m'madera pamene amayi amathawa kudutsa malire a madera. Mayi wa ku Leeds sangabisale ku Leeds, kumene mwamuna wake amadziwa misewu, masitolo ndi matchalitchi. Ayenera kupita kutali, ndipo amayi oposa magawo awiri mwa atatu amene ali m'nyumba zothawirako anachokera ku dera la khonsolo ina. Choncho khonsolo imene ikulipira nyumba m'dera lake ikuthandiza makamaka anthu akudza, pamene amayi a kwawo akudalira kuti khonsolo ina nayonso yachita mbali yake. Zimenezi zimayenda ngati aliyense akusonkha, koma khansala amene bajeti yamuthina amayamba kufunsa chifukwa cholipirira anthu amene samuvotera. Makhonsolo ena akhala akuika m'makontrakiti malire a chiwerengero cha amayi ochokera kunja kwa dera, ngakhale malangizo a boma amanena momveka kuti asatero. Tikawonjezerapo zoti makhonsolo ena akuluakulu, monga wa Birmingham ndi wa Nottingham mu 2023, analengeza kuti sangathenso kukwaniritsa bajeti zawo, mutha kuona mmene madzi afikira m'khosi.

Palinso nkhani ya nthawi. Makontrakiti ambiri amakhala aafupi, ndipo kangapo konse makhonsolo akhala akumva mochedwa kuchuluka kwa ndalama za chaka chotsatira. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo woyendetsa nyumba yothawirako amakhala ndi fodya wapachala chaka ndi chaka. Sangalonjeze wogwira ntchito waluso kuti ntchito idzakhalapo chaka chamawa, ndiye walusoyo amachoka kukafuna kokhazikika, ndipo nthawi imene ikanathera pa amayi imathera pa kulemba makalata opempha thandizo uku ndi uku. Zilipo nyumba zina zimene sizilandira ngakhale khobidi kuchokera ku khonsolo, zimangodalira opereka mwaufulu, ndipo zambiri mwa izo ndi zomwe zimadziwa bwino mavuto a amayi obwera kuchokera kunja.

Tsono mawu oti kwadzaza amene munamva kawiri si bodza lokuthamangitsirani. Bungwe la Council of Europe limalimbikitsa kuti pakhale malo a banja limodzi pa anthu 10,000 alionse, ndipo England sinafikepo pa muyeso umenewo. Malipoti a chaka ndi chaka a Women's Aid akhala akuonetsa kuti pafupifupi mapempho 6 mwa 10 alionse opita ku nyumba zothawirako amabwezedwa, ndipo chifukwa chotchulidwa kwambiri ndi kusowa kwa malo. Malo akapezeka samakwanira aliyense. Zipinda zolandira mayi wa ana awiri n'zosafika theka la zimene zimalengezedwa, za mayi wa ana atatu n'zochepa kwambiri, za woyenda pa njinga ya olumala n'zongowerengeka, ndipo nyumba zambiri sizilandira mwana wamwamuna amene wakula. Kudzazaku kumachokeranso kukhomo lotulukira. Mayi amene akanatha kutuluka patatha miyezi ingapo amakhalitsa chifukwa nyumba za khonsolo n'zosowa ndipo lendi ya eni nyumba wamba ndi yokwera, choncho chipinda chake sichimasuka. Kuyambira mu Julayi 2021 munthu wosowa pokhala chifukwa cha nkhanza za m'banja amaikidwa patsogolo pa thandizo la nyumba, koma kukhala patsogolo pa mzere sikubweretsa nyumba imene kulibe.

Tibwere tsopano ku thumba lachiwiri, limene ndi phata la vuto la mng'ono wanu. Mayi akalowa m'nyumba yothawirako amakhala ngati walendi. Lendi yake ndi yokwera kuposa ya chipinda wamba, nthawi zambiri mapaundi mazana angapo pa sabata, chifukwa imaphatikizapo mipando, zofunda, makamera, maloko, kukonza zowonongeka ndi zipinda zogwiritsa ntchito onse. Kwa amayi ambiri lendi imeneyi imalipidwa ndi Housing Benefit, thandizo la boma lolipirira lendi, ndipo chakudya amagula ndi Universal Credit, ndalama zimene boma limapereka kwa anthu opeza zochepa. Kufunika kwa thumba limeneli kunaonekera mu 2017, pamene boma linaganiza zochotsa nyumba zokhalamo kwa kanthawi pa Housing Benefit n'kupereka ndalamazo ku makhonsolo. Mabungwe anachenjeza kuti pafupifupi theka la ndalama za nyumba zothawirako limachokera kumeneko ndipo zambiri zitsekedwa, mpaka boma linasiya ganizolo mu Ogasiti 2018. Ubwino wa Housing Benefit ndi wakuti imatsatira mayi kulikonse kumene wathawira, osayang'ana dera limene wachokera. Kuipa kwake n'kwakuti imayang'ana viza.

Pa mapepala a mng'ono wanu, monga pa a ambiri a ife amene tinabwera kudzagwira ntchito, kudzaphunzira kapena kutsatira mwamuna, pali lamulo lija la no recourse to public funds, lochokera ku Immigration and Asylum Act ya 1999, limene limamuletsa kulandira Housing Benefit, Universal Credit ndi thandizo la nyumba la khonsolo. Woyendetsa nyumba yothawirako akamva zimenezi pa foni amadziwa kuti akamulandira, lendi, chakudya, matewera ndi ndalama za basi zidzachokera m'thumba la bungwe kwa miyezi imene sangaiwerenge, ndipo bungwe limene likudalira lendi iliyonse kuti lilipire magetsi silingachite zimenezi kawirikawiri. N'chifukwa chake m'zaka zaposachedwa ndi pafupifupi malo amodzi okha mwa khumi olengezedwa amene amatha kuganizira mayi wa lamulo limeneli, ndipo zaka zina anali ochepera pamenepo. Amuna ankhanza amadziwa bwino zimenezi. Mawu oti ukachoka ndikakunenera ku Home Office (unduna woona za olowa m'dziko) ndipo udzabwerera ku Malawi wopanda ana ndawamva kwa amayi ambiri, ndipo amagwira ntchito chifukwa mbali ina ya mawuwo ikutsamira pa lamulo lenileni.

Aphungu ankadziwa za dzenje limeneli pamene ankakambirana lamulo la 2021. Nyumba yachiwiri ya malamulo, House of Lords, inavomereza zosintha zoti amayi obwera kuchokera kunja atetezedwe, koma boma linazikana ku House of Commons, nyumba ya aphungu osankhidwa, ponena kuti likufuna umboni wochuluka, ndipo m'malo mwake linapereka mapaundi 1.5 miliyoni ku ndondomeko yoyeserera ya Support for Migrant Victims, yoyendetsedwa ndi Southall Black Sisters pamodzi ndi mabungwe anzake m'madera ena. Muyerekeze nokha 1.5 miliyoni ndi 125 miliyoni. Pamene dziko la Britain linkavomereza pangano la Istanbul loteteza amayi ku nkhanza mu 2022, linadzipatula pa ndime 59, imene imanena za chilolezo chokhala m'dziko kwa mayi amene viza yake yadalira mwamuna wankhanza. Nicole Jacobs, amene mu 2019 anasankhidwa kukhala Domestic Abuse Commissioner, mkulu woima payekha woona za nkhanza za m'banja ku England ndi Wales, wakhala akunena mobwerezabwereza kuti chitetezo chiyenera kutsogola ndipo mapepala abwere pambuyo. Maganizo anga ndi akuti kusiyidwa kwa amayi amenewa sikunachitike mwangozi kapena chifukwa choiwala, koma chinali chisankho, ndipo ndalama zimene boma limaganiza kuti lapulumutsa limadzazilipirabe kuchipatala, kupolisi ndi kumakhoti. Unduna wa Home Office womwewo unawerengera kuti nkhanza za m'banja zinawonongetsa England ndi Wales mapaundi 66 biliyoni m'chaka chimodzi chokha chothera mu Malichi 2017.

Komabe mng'ono wanu sanasowe mtengo wogwira, ndipo apa ndikupemphani muwerenge mofatsa. Kuyambira mu 2012 panali chilolezo chapadera cha miyezi itatu kwa amayi amene anabwera pa viza ya ukwati ndi nzika ya Britain kapena munthu wokhazikika, chowalola kulandira thandizo la boma pamene akupempha kukhazikika paokha. Mu Febuluwale 2024 chilolezocho chinasinthidwa dzina kukhala Migrant Victims of Domestic Abuse Concession, mwachidule MVDAC, ndipo chinakulitsidwa kuti chifikirenso akazi ndi amuna otsatira anthu a viza ya ntchito kapena ya sukulu. Malinga ndi mmene mwafotokozera, mng'ono wanu ali m'gulu limeneli. Kupempha kwake n'kwaulere, ana amalowa nawo, ndipo akapatsidwa amakhala ndi miyezi itatu ya chilolezo chosadalira mwamuna, mmene angalandire Housing Benefit ndi Universal Credit. Kwa nyumba yothawirako zimenezi zimasintha yankho, chifukwa thumba lachiwiri lija latseguka.

Chenjezo lake ndi lalikulu ndipo sindikufuna kulibisa. Chilolezo cha MVDAC chimalowa m'malo mwa viza imene ali nayo, ndipo kwa wotsatira munthu wa viza ya ntchito sichitsegula njira yokhazikika monga chimachitira kwa mkazi wa nzika. Miyezi itatu isanathe ayenera kukhala atapempha chilolezo china, kaya cha ntchito ngati wapeza womulemba wovomerezeka, kaya chokhudza ana ndi moyo wa banja, kaya china chimene chikugwirizana ndi nkhani yake, apo ayi akonzekere kubwerera kumudzi. Nyumba zina zimazengerezabe kulandira mayi wotere poopa zimene zidzachitike mwezi wachinayi. Choncho asatumize fomu asanalankhule ndi loya woona za olowa m'dziko kapena mlangizi wolembetsedwa ku Immigration Advice Authority. Ndikunena zimenezi chifukwa m'magulu athu a WhatsApp ndi m'matchalitchi simusowa munthu wodzitcha katswiri wa mapepala, pamene kupereka uphungu wotere popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo fomu yolembedwa molakwika imavuta kuikonza.

Khomo lina, limene ambiri amaliopa popanda chifukwa chokwanira, ndi la ana. Ndime 17 ya Children Act ya 1989 imapatsa khonsolo udindo wothandiza mwana aliyense wovutika amene ali m'dera lake, mosayang'ana viza ya makolo, ndipo thandizo limeneli silili m'gulu la public funds, moti kulilandira sikuphwanya malamulo a viza. Khonsolo ikhoza kupereka pogona ndi ndalama za chakudya kwa mayi pamodzi ndi ana ake, ndipo nthawi zina imalipira lendi ya m'nyumba yothawirako momwemo. Ndikudziwa mantha amene mawu oti social services, nthambi ya khonsolo yoona za ana ndi mabanja, amabweretsa pakati pathu, poti aliyense anamvapo nkhani ya ana amene analandidwa. Cholinga cha ndime imeneyi ndi kuthandiza ana kuti aleredwe ndi banja lawo, ndipo umphawi pawokha si chifukwa chochotsera mwana kwa mayi ake. Chimene chimadetsa nkhawa ogwira ntchito za ana ndi mwana amene akukhalabe m'nyumba ya ndewu, makamaka popeza lamulo la 2021 limaona mwana woona kapena kumva nkhanza ngati wochitiridwa nkhanza payekha. Adzafunsa mafunso ambiri okhudza ndalama ndi abale, ndipo ena amayesa kubweza anthu pakhomo, n'chifukwa chake ndi bwino kupita ndi wogwira ntchito wa bungwe loona za nkhanza komanso kupempha kuti yankho lililonse lilembedwe.

Ndipatuke pang'ono chifukwa cha owerenga ena. Mayi amene viza ya ntchito ndi yake, monga ambiri amene anabwera kudzasamalira okalamba kuyambira mu 2022, salowa mu MVDAC. Iye amaoneka ngati ali bwino poti amalandira malipiro, koma malipiro a ntchito yosamalira anthu sangakwanitse lendi ya nyumba yothawirako, ndipo kuthawira kutali kumatanthauza kusiya womulemba ntchito amene viza yake yamangidwapo. Amayi amenewa ndi amene ndimawaona atagwira njakata kwambiri, ndipo kwa iwo njira zotsala ndi ndime 17 ngati ali ndi ana, ndondomeko ya Support for Migrant Victims ngati malo alipo, ndi kupempha khoti kuti lichotse mwamunayo m'nyumba m'malo moti iwo achoke.

Pa za khoti, mng'ono wanu angapemphe lamulo loletsa mwamunayo kumuyandikira kapena kumuopseza, lotchedwa non-molestation order, pansi pa Family Law Act ya 1996, ndipo palibe ndalama yolipira kukhoti popempha. Kumulanda ndalama kumadziwika m'lamulo la 2021 ngati nkhanza za chuma, ndipo kulamulira moyo wa mnzako mwa kumuopseza ndi mlandu kuyambira mu 2015. Nkhani ya pasipoti akainene kupolisi, ndipo asunge nambala ya lipotilo, makalata a dokotala, zithunzi za mabala ndi mauthenga a pa foni, chifukwa zonsezi zidzafunika pa nkhani ya mapepala.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu n'chakuti ali kwa inu, ndipo mwamunayo mwachidziwikire amadziwa kumene mumakhala. Nthawi imene mayi wangochoka ndi imene ngozi imakula, chifukwa wankhanza amaona kuti ulamuliro ukumupulumuka. Kwathu mkazi akathawira kwa mkulu wake amakhala pakati pa abale, alongo ake ali pafupi, ankhoswe amaitanidwa, ndipo nkhani ikakula imafika kwa mfumu. Kuno muli awiri nokha kuseri kwa chitseko chimodzi, ndipo ankhoswe ali pa foni kutali, akumva mbali imene mwamunayo wawauza n'kumalangiza kuti banja ndi kupirira. Sindikunyoza ankhoswe, pakuti pa mikangano wamba amamanga mabanja, koma nkhanza za mtundu umene mwafotokozawu si mkangano woti anthu agawane zolakwa. Mng'ono wanu akadzapeza malo, adiresi yake isadzauzidwe kwa wina aliyense, ngakhale amayi anu kumudzi, chifukwa uthenga wochoka ku Lilongwe umafika ku England tsiku lomwelo, ndipo mayi amene malo ake adziwika amayenera kusamutsidwanso pofuna kuteteza anzake a m'nyumbamo. Aonenso foni yake ndi za ana, azimitse zoonetsa kumene ali, ndipo asinthe mawu achinsinsi a Facebook, imelo ndi banki.

Pomwe mwafikapa musamaimbenso nyumba imodziimodzi. Imbani National Domestic Abuse Helpline pa 0808 2000 247, imene ndi yaulere usana ndi usiku ndipo imatha kupeza womasulira. Ogwira ntchito kumeneko amaona mndandanda wotchedwa Routes to Support, umene umaonetsa zipinda zimene zamasuka m'dziko lonse komanso ngati zingalandire mayi wa ana awiri ndi wa viza yotere. Pemphaninso kuti bungwe la m'dera lanu limupatse IDVA, amene ndi mlangizi woima payekha wothandiza amene ali pa ngozi yaikulu, chifukwa kalata yochokera kwa iye imamveka ku khonsolo kuposa pempho la mayi yekha. Malo akapezeka kutali musadandaule za ulendo, pakuti kudzera mu ndondomeko ya Rail to Refuge nyumba imene yamulandira imatha kumupezera matikiti aulere a sitima iye ndi ana. Mwamunayo akafika pakhomo imbani 999, ndipo ngati simungathe kulankhula pa foni ya m'manja, dinani 55 mukauzidwa kutero. Zipinda zimalengezedwa ndi kutengedwa tsiku lomwelo, choncho imbani m'mawa ndipo mubwereze mawa lake mukabwezedwa, ndipo nthawi iliyonse nenani poyambirira zaka za ana awiriwo, mtundu wa viza, ndi pamene nkhani ya MVDAC kapena ya ndime 17 yafika, chifukwa funso limene woyankha foni ali nalo mumtima ndi la amene adzalipire lendi.